Atiberanso kutchalitchi, anyamata akupempha zibonga

Bambo a Tadala (Area 25): Moni nonse abale ndi alongo. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Lachinayi usiku akuba atithyolera kutchalitchi. Anadula mabagala a zenera la kuvesitile n'kutenga kiyibodi, ampulifaya, mamayiki awiri ndi batire la sola lomwe amayi a Chigwirizano anasonkherana chaka chatha. Aka n'kachiwiri chaka chino. Mlonda wathu ndi bambo wachikulire, amakhala yekha, tochi yake inali itatha moto ndipo magetsi anazima kuyambira madzulo. Anamva chitsulo chikulira koma anaopa kutuluka m'kanyumba kake, ndipo ine sindikumuimba mlandu. Lamulungu titaweruka, achinyamata anaimirira kuti ayamba kulondera okha mosinthana. Mtima wawo ndauyamikira. Koma papepala la zinthu zomwe apempha kuseshoni, bwalo la akulu ampingo, choyamba ndi zibonga, chachiwiri zikwanje. Apa ndiye ndagwira njakata. Inu amene muli ndi magulu achitetezo m'mipingo mwanu, munayamba bwanji? Anakuphunzitsirani ndani? Munawagulira chiyani?

aNabanda (Kawale): Pepani kwambiri bambo a Tadala. Batire limenelo ndi ndalama za mandasi ndi tomato, ndikudziwa mmene amayi amavutikira kuti zikwane.

Yohane (Chinsapo): Pepani amalume. Koma ine ndili kumbali ya anyamatawo. Akuba a masiku ano sabwera chimanjamanja, amabwera asanu kapena kuposa, zikwanje ndi zitsulo zili m'manja. Kuno kwathu a inkatha, anthu olondera m'dera usiku, onse amayenda ndi ndodo, n'chifukwa chake tikugonako tulo. Mnyamata woti wasiya bulangete kwawo kudzalondera katundu wa mpingo tisamuike pakhomo ali ndi tochi yokha.

Agogo aNaphiri (Biwi): Ana anga, ife kale tchalitchi tinkangotseka ndi kawaya, m'mawa n'kupeza zonse zili m'malo. Salimo 127 likutiuza kuti Yehova akapanda kusunga mudzi, mlonda amangodikira chabe. Ine zikwanje pabwalo la tchalitchi zikundiopsa. Tiyeni tigwade kaye.

Abusa (Area 36): Agogo mwanena zoona, ndipo kugwada sitisiya. Koma pa Nehemiya 4 vesi 9 anthu aja anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Ziwirizi sizilimbana. Pomwe ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa zikwanjepo. aPhiri muli pomwepa? Inu munavalapo yunifolomu, tiunikireni.

aPhiri (Area 23): Ndilipo abusa. Ndinapuma ntchito ya upolisi zaka zingapo zapitazo ndipo pano ndimayang'anira gulu lachitetezo kumpingo kwathu. Ndilemba motalikitsa, mundipirire.

Bambo a Tadala, musanagule ngakhale wezulo mmodzi, pitani kupolisi ya Kanengo, ndiyo imayang'anira dera lanu. Mukafunse ofesala woona za chitetezo cha m'madera, amene timati community policing. Ntchito imeneyi inalowa m'lamulo la apolisi la 2010, choncho simukukapempha chifundo, ndi ntchito yawo. Amabwera kudzaphunzitsa gulu, amalemba mayina a anthu anu, amakulumikizani ndi a inkatha a m'dera. Izi n'zofunika, chifukwa magulu awiri osadziwana akakumana mumdima aliyense ali ndi ndodo, wina amaganiza kuti mnzake ndi wakuba. Ndinaziona ndi maso.

Tsono lamulo likuti chiyani? Munthu wamba amaloledwa kugwira munthu amene wamuona akupalamula mlandu waukulu monga kuthyola nyumba. Akamugwira ayenera kumupereka kupolisi mosachedwa. Mphamvu yanu imathera pomwepo. Simuloledwa kumumenya kuti aulule anzake, kumuvula, kumuyendetsa m'misewu, kapena kumutsekera kuvesitile mpaka kuche kuti akulu ampingo adzamuone. Ngakhale apolisi eniake malamulo oyendetsera dziko amawapatsa maola 48 okha kuti munthu amene amumanga akaonekere kukhoti. Mphamvu yogwiritsa ntchito pomugwira ikhale yongokwanira kuti asathawe kapena asakuvulazeni. Akagwa pansi kapena akakweza manja, nkhonya iliyonse yowonjezera ndi mlandu wanu. Akafa, anyamata anu akayankha mlandu wakupha ku Khoti Lalikulu, ndipo woweruza sadzafunsa kuti kiyibodi inali ya ndalama zingati.

Za mfuti musaziyambe n'komwe. Mfuti imafuna chilolezo chochokera kupolisi, ndipo si chinthu chobwerekana kuti mkulu wampingo wakuti ali nayo ndiye anyamata azisinthana.

Yohane (Chinsapo): Ndamva bambo. Koma vuto ndi lakuti tikawapereka kupolisi, mawa lake timakumana nawo pamsika akuseka. Anthu amatopa.

aPhiri (Area 23): Belo ndi ufulu wa aliyense achimwene, sikuti mlandu watha. Chomwe chimapha milandu yambiri ndi ifeyo. Tsiku la khoti mboni sizipita, wina ali kuntchito, wina akuti alibe thiransipoti, ndipo katundu wobedwa palibe angatsimikize kuti ndi wathu chifukwa risiti inatayika ndipo nambala ya chipangizo sitinalembe. Gulu lachitetezo liphunzitsidwenso kulemba: nthawi yanji, anavala chiyani, anatulukira kuti, anaona ndani.

Make Chisomo (Mtandire): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhule. Nkhaniyi sindiikamba kawirikawiri chifukwa imandiwawa mpaka lero.

Kwathu tinayambitsa gulu ngati lomwe anyamata anu akufuna, popanda wotiphunzitsa. Anali atatibera masipika ndiye aliyense mtima unali m'mwamba. Usiku wina tili pa mapemphero a usiku wonse, cha m'ma 2 koloko, tinamva kukuwa kuseri kwa zimbudzi, "Wakuba! Wakuba!" Mmene ndinkafika ndi tochi ya pafoni, mnyamata anali pansi atadzipinda, manja ataphimba kumutu, magazi akutuluka m'khutu. Pambali pake panali thumba lasaka. Onse ankati katundu ali m'thumbamo. Ndinalikhuthula ineyo. Munali mabotolo apulasitiki otola m'misewu, kapu yachitsulo, ndi mkute wa nsima wokulunga m'pepala lashuga. Basi.

Kutacha anabwera mayi ake, chitenje chili m'khosi, atagwira buku lake lakuchipatala m'manja. Mwanayo ankadwala matenda a muubongo, ankamwa mankhwala, ndipo usiku umenewo anatuluka m'nyumba iwo ali mtulo. Anabwera kutchalitchi chifukwa anamva nyimbo. Mayi aja sanatukwane munthu. Anangoti, "Ndimayesa kuno ndiye kothawira." Mwanayo anakagonekedwa ku Central, mkono wothyoka. Anyamata athu awiri a kwaya anagona m'chitokosi, wina anali atatsala pang'ono kulemba mayeso a Fomu 4. Mayi aja mpaka lero akamapita kumjigo amazungulira njira ina kuti asadutse pa tchalitchi chathu.

Anyamata amene anamenyawo sanali zigawenga. Anali ana abwino, oyimba tenala ndi besi Lamulungu lililonse. Tinawapatsa mipini ya makasu osawauza nthawi yoisiya. Olakwa oyamba tinali ife akuluakulu.

aNabanda (Kawale): Mayo ine. Make Chisomo, thupi langa lonse lazizira.

Agogo aNaphiri (Biwi): Ndi zimene ndimaopazo ana anga. Kumbukirani za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamudzi. Gulu likakwiya silifunsa dzina.

Yohane (Chinsapo): Amayi, nkhani yanu yandikhudza, sindinama. Sindikufuna zotero. Komabe funso langa likadalipo. Abwera asanu ndi zikwanje, anyamata athu ndi atatu. Achite chiyani?

aPhiri (Area 23): Asalimbane nawo. Ndikubwereza, asalimbane nawo. Wakuba wausiku amaopa zinthu zitatu: kuwala, phokoso, ndi kuzindikiridwa nkhope. Kwathu aliyense wolondera amakhala ndi wezulo m'khosi, tochi yamphamvu yotchaja, vesiti yowala ija kuti apolisi ndi aneba amuzindikire, ndi foni yokhala ndi mayunitsi. Tinagwirizana ndi nyumba zonse zozungulira tchalitchi kuti wezulo akalira katatu motsatizana, aliyense ayatse getsi lapanja, amenye chidebe, abambo atuluke pamodzi osati mmodzimmodzi. Belu la tchalitchi nalonso limalira. Wina mwa olondera ntchito yake ndi kuimba foni basi. Nambala ya apolisi ya 997 ilipo, koma tengani nambala ya ofesala wa m'dera lanu ndi ya wapampando wa inkatha, muzimate pakhoma la kanyumba ka mlonda. Ndipo tinayeserera. Loweruka lina masana tinaliza mawezulo kuti tione kuti anthu atuluka pakatha mphindi zingati. Ulendo woyamba anatuluka anthu awiri okha. Tinayendanso khomo ndi khomo mpaka zinalowa.

Akakhala ambiri ndipo ali ndi zida, anyamata abwerere m'mbuyo, azikuwa ali patali, aone nkhope ndi komwe alowera. Kiyibodi tidzasonkhanso.

Yohane (Chinsapo): Nanga ndodo wamba? Yongodzitetezera kwa agalu ndi munthu woti wakulumphira?

aPhiri (Area 23): Imeneyo mukakambirane ndi ofesala amene adzakuphunzitseni. Ine maganizo anga, munthu asagwire ndodo asanaphunzire. Chikwanje ayi ndithu.

Mayi msungichuma (Area 18): Ine ndikufuna tibwerere pa mfundo ina. Bambo a Tadala, akubawo anadziwa bwanji kuti zipangizo zimagona kuvesitile, ndipo zenera lofooka ndi liti? Sindikuloza munthu chala, koma nkhani zimatuluka ndi ife tomwe. Timalengeza pa zokuzira mawu kuti Paper Sunday yapeza ndalama zakutizakuti, msika wonse ukumva, ndalamazo zikadali m'mbale kuvesitile. Kwathu tinasintha. Chopereka amawerenga anthu atatu chitseko chili chotseka, onse amasayina m'buku, mmodzi wa achitetezo amaima panja. Ndalama sizigona kutchalitchi kapena kunyumba ya abusa, ndipo wopita nazo kubanki sakhala yemweyemweyo, njira ndi nthawi timasinthasintha. Ambiri pano amapereka chakhumi pa Airtel Money ndi Mpamba, ndiye zogwira m'manja zachepa. Chiwerengero timalengeza sabata yotsatira.

Makiyinso. Muwerenge kuti makiyi a tchalitchi chanu alipo angati ndipo ali ndi yani. Ife titawerenga tinapeza kuti ena ali ndi anthu oti anasamuka kalekale. Tinasintha maloko onse.

Bambo a Tadala (Area 25): Pa makiyipo mwandilasa mayi. Sindingathe kukuuzani kuti alipo angati.

Mayi msungichuma (Area 18): Yambirani pamenepo. Ndipo chilichonse chomwe mugule tsopano, lembani nambala yake m'buku, jambulani, musunge risiti, mulembe dzina la mpingo ndi penti kunsi kwake. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chobedwa kuchigulanso ndi nkhani ina, poti zonsezi zimachokera kunja.

aNabanda (Kawale): Tonse tikukamba za usiku, koma kwathu zambiri zinkasowa masana dzuwa likuswa mtengo. Abusa akati titseke maso tipemphere, foni yapita. Amayi akapita kutsogolo kukapereka, chikwama chatsala pabenchi chapepuka. Panja njinga zinkapita, mpaka njinga yamoto ya mnyamata wa kabaza yomwe anali asanamalize kulipira kwa bwana wake. Analira ngati mwana tsiku limenelo.

Tinachita chinthu chosafuna ndalama. Tinadula zigubu zakale za mafuta ophikira kukhala timabango, tiwiritiwiri nambala imodzi. Kamodzi timamangirira panjinga ndi kachingwe, kena mwini njinga amaika m'thumba. Palibe kutulutsa njinga osaonetsa kanzake. Anthu awiri amakhala panja mapemphero onse, amasinthana sabata ndi sabata kuti asamaphonye ulaliki nthawi zonse. M'kati, awiri amaima kumbuyo maso ali otsegula nthawi ya pemphero. Chiyambireni sitinatayenso njinga.

Ndipo tinawaphunzitsa kalankhulidwe. Mlendo akafika sumuyang'ana ngati wakuba. Umamupatsa moni, "Takulandirani, mwachokera kuti, tikupezereni pokhala." Wabwino amasangalala kuti walandiridwa, woipa amadziwa kuti waonedwa.

Abusa (Area 36): Mfundo yomalizayo ndaikonda aNabanda. Ndinakalalikira kwina kumene anyamata apageti anabweza bambo wina chifukwa anavala zigamba ndipo ankanunkha kachasu. Munthu ameneyo ndi amene ndinadzera ine. Woledzera akasokoneza, awiri amutengere pambali mwaulemu, amupatse madzi, akhale naye pamthunzi. Osamukoka kolala pamaso pa mpingo.

Anamwino (Area 49): Ndiwonjezere za mbali yanga. Pa zaka zomwe ndakhala mumpingo, wakuba wa chikwanje sindinamuonepo masana, koma anthu okomoka ndawaona ambiri. Mwezi wa Okutobala pansi pa malata, anthu akusala kudya, ena ali ndi shuga kapena BP. Gulu lachitetezo ndi limene limakhala chiimire, ndiye ndi loyamba kufika. Aphunzire chithandizo choyamba. A Red Cross amaphunzitsa, ndipo ngati mpingo wanu uli ndi namwino kapena dokotala wake, mugwiritseni ntchito.

Zomwe ndimaona zikulakwika kawirikawiri: munthu wa khunyu akagwa, anthu amamupanikiza, ena kumulowetsa supuni m'kamwa, ena kumuunjirira. Ayi. Chotsani mabenchi pafupi, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, musaike kanthu m'kamwa, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi zisanu, thamangirani naye kuchipatala. Wokomoka musamumwetse madzi asanatsitsimuke. Kupemphera pempherani, koma wina akhale akuliza galimoto. Mudziwiretu Lamulungu lililonse kuti galimoto yotengera wodwala ndi ya yani, ndipo isatsekeredwe ndi zinzake. M'kabokosi mukhale magolovesi, mabandeji, thonje, pulasitala, sizasi ndi Thanzi.

Chinanso ndi zitseko. Pa 6 Julaye 2017 ku Bingu National Stadium anthu 8 anamwalira popondana pachipata, ambiri mwa iwo ana. Panalibe wakuba, panalibe moto, kunali kukankhana. Tsono taganizani usiku wolowera chaka chatsopano, tchalitchi chadzaza mpaka m'makonde, zitseko zam'mbali mwakhoma ndi loko poopa akuba, mazenera onse ndi a mabagala, magetsi azima, wina wayatsa kandulo pafupi ndi katani, ndipo petulo wa jenereta ali m'chigubu kuvesitile. Mutulukira pati?

Bambo a Tadala (Area 25): Mwafotokoza tchalitchi chathu ndendende amayi. Atatibera koyamba tinawotcherera chitseko chakumbuyo.

Anamwino (Area 49): Kachitseguleni bambo, chonde. Muzikhoma anthu akatuluka, osati ali m'kati. Zitseko zizitsegukira kunja. Gulani chozimira moto, ndipo anthu aphunzire kuchigwiritsa ntchito, osangochipachika. Ndowa za mchenga ndi zaulere. Petulo azikhala kunja kwa nyumba yopemphereramo.

Make Chisomo (Mtandire): Ndipo m'gululo mukhale amayi. Zitachitika zija kwathu tinaliphwasula n'kuyambanso, ndipo pano pafupifupi theka ndi amayi. Mayi akaima pakati n'kunena kuti "Musiyeni," anyamata amamva msanga kusiyana ndi mnzawo. Komanso atsikana akapita kuchimbudzi usiku pa mapemphero, awaperekeze ndani? Mnyamata wa tochi?

Mphunzitsi wa Sande sukulu (Mchesi): Apo mwakhudza pomwe ndimadikira. Si aliyense wodzipereka amene ayenera kulandiridwa. Munthu mukamuveka vesiti, ana amamukhulupirira, makolo amamukhulupirira, amalowa paliponse. Akhale munthu wodziwika, wakhala mumpingo nthawi, ndipo amfumu kapena mkulu wa dera lake amuchitire umboni. Osatenga ana asukulu osakwana zaka 18, malamulo athu kuyambira 2017 amati ameneyo ndi mwana. Lamulo lathu ndi lakuti wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda, kaya ndi wachitetezo, kaya mphunzitsi, kaya mkulu wampingo. Ana aang'ono akaweruka timawapereka kwa kholo kapena munthu amene tikumudziwa. Tili ndi mwana mmodzi wachialubino, ndipo ndi zimene zakhala zikuchitika m'dziko muno, ameneyo sapita yekha ngakhale pampopi, komabe timachita mosamuonetsera kuti asadzione wosiyana ndi anzake. Mwana akaulula kuti wina wamuchita zoipa, si nkhani yokambirana kuseshoni n'kukhululukirana. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.

Abusa (Area 36): Zoona, ndipo ife abusa ndi amene timalakwa kwambiri pamenepa poteteza dzina la mpingo. Ndavomera.

Yohane (Chinsapo): Ndifunseko za anyamatawo. Ambiri amadzuka m'mamawa kupita kumaganyu, ena kabaza. Sabata yoyamba adzabwera khumi, mwezi ukatha mudzatsala ndi awiri. Kwathu zinatero. Mvula ikayamba opanda renikoti, opanda majombo, opanda ngakhale tiyi, munthu amafooka.

aPhiri (Area 23): Wanena zoona mnyamata. N'chifukwa chake musamuchotse mlonda uja bambo a Tadala. Odzipereka ndi othandizira, sangalowe m'malo mwa munthu wolembedwa ntchito. Mupatseni mnzake, tochi yabwino, jekete, ndipo malipiro ake asatsike pa omwe boma linakhazikitsa. Mipingo yambiri tikuchimwa pamenepa, mlonda amalandira mochedwa kuposa wina aliyense. Odziperekawo asalondere kuposa usiku umodzi pa sabata, ndipo asachepere atatu. Kwathu miphakati imasinthana kubweretsa fulasiki ya tiyi ndi mbatata. Mowa ndi chamba, tsiku lomwelo vesiti abweze.

aNabanda (Kawale): Ife tinagwirizananso ndi anzathu apamzikiti wapafupi. Alonda athu ndi awo anapatsana manambala, wezulo akalira mbali iliyonse onse amadzuka. Akuba sasankha chipembedzo.

Agogo aNaphiri (Biwi): Ngati ndi mawezulo ndi matochi, ine ndavomera. Ndipereka fulasiki yanga yaikulu ija, ingokhala m'kabati.

Bambo a Tadala (Area 25): Zikomo agogo, zikomo nonse. Ndalemba zonse m'kope. Seshoni ikukumana Loweruka. Zikwanje ndazifufuta kale papepala. Za ndodo ndikudziwa kuti kukakhala mkangano chifukwa akulu ena ali ndi maganizo ngati a Yohane, ndiye ndikapempha kuti tidikire ofesala adzalankhule yekha. Mawa ndikupita ndi wowotcherera kukatsegula chitseko chakumbuyo ndi kukonza zenera lija. aPhiri, mungandiperekeze ku Kanengo? Sindidziwa poyambira.

aPhiri (Area 23): Lachitatu m'mawa ndili ndi mpata. Mutenge kalata ya mpingo yodinda, mayina a odziperekawo ndi manambala a ziphaso zawo, komanso nambala ya lipoti lomwe munapereka za kubedwaku.

Yohane (Chinsapo): Amalume, tsiku la maphunzirolo mundiuze. Ndibwera ndi anyamata anga asanu, thiransipoti tidzilipirira tokha. Pa ndodo sindinasinthe maganizo, koma ndikufuna ndikamve ndekha.

Anamwino (Area 49): Mundisiyire maola awiri masana. Ndibweretsa mabandeji oyeserera, inu mupeze mphasa ziwiri.

Make Chisomo (Mtandire): Bambo a Tadala, ngati akulu ampingo angalole, inenso ndibwere. Ndikufuna anyamatawo ndidzawauze ndekha za thumba lija asanalandire mavesiti.

Bambo a Tadala (Area 25): Bwerani mayi, mudzayamba ndinu. Mukatsikire pa Nsungwi, ndidzatuma mwana kudzakutengani.